Chamba, mapilisi ndi malamulo kuno ku Mangochi: mafunso ndi mayankho

Awa ndi mafunso amene amangobwerabwera tikamacheza ndi achinyamata komanso makolo, kuyambira pa boma, kwa Mpondasi, ku Namwera mpaka kumadoko a ku Monkey Bay uko. Ena ndawasiya mmene eni ake anafunsira.

Eti chamba analoleza kale? Nanga apolisi akumangiranji anthu?

Bodza limeneli lagonetsa anthu ambiri m'chitokosi. Chimene chinachitika n'choti mu February 2020 nyumba ya malamulo inavomereza lamulo la Cannabis Regulation Act, lololeza kulima chamba chopangira mankhwala akuchipatala ndi china chija chamafakitale chimene amapangira zingwe, nsalu, mafuta ndi zina zotero. Anayambitsa nkhaniyi ndi a Boniface Kadzamira ali phungu wa Ntchisi North, ndipo tsiku loyamba anzawo m'nyumbamo anangowaseka. Lamulo lomwelo linakhazikitsa bungwe la Cannabis Regulatory Authority, limene limapereka ziphaso, nde wopanda chiphaso chimenecho olo mtengo umodzi kuseri kwa bafa ndi mlandu ndithu. Mu 2024 aphungu anavomerezanso zoti chamba chathu chomwechi chizilimidwa ndi anthu aziphaso, anthu atamva pa wailesi anangoti basi zatheka, koma palibe pamene ananena kuti muziyatsa pa depoti. Kusuta, kusunga, kugulitsa mumsewu, zonsezi zidakali zoletsedwa mmene zinalili kale.

Chinasokonezanso anthu ndi zija za mu 2021 boma litalembera kalata Mike Tyson kuti akhale kazembe wa chamba cha Malawi. Mnyamata wa pa Soko akamva zimenezo umuuza bwanji kuti ndudu yake ndi mlandu? Koma woweruza sakafunsa za Tyson, akafunsa chiphaso.

Nde ine ndikafuna kulima movomerezeka ndiyambire pati?

Ku Cannabis Regulatory Authority komweko, ndipo konzekerani thumba. Atangoyamba mu 2020, chiphaso cha chamba chamankhwala chinali madola 10,000 pomwe chamafakitale chinali madola 2,000, nchifukwa chake ambiri anayamba kupanga makopaletivi kuti asonkherane. Amafunanso malo otetezedwa bwino, mbewu yovomerezeka komanso msika wodziwika. Musanapereke ndalama kwa aliyense wobwera m'mudzi kuti akulembetsani mayina, funsani kaye kuti wogula ndi ndani, chifukwa alimi ambiri m'dziko muno analira atasonkha ndalama msika osaoneka. Ndipo chamafakitale chija mphamvu yoledzeretsa ya THC simapitirira 1 peresenti, wofuna kubanda angotsokomola nacho basi.

Akandipeza ndi kandudu kamodzi kokha, chilango chake n'chani?

Lamulo limene amagwiritsa ntchito ndi Dangerous Drugs Act, lakalekale, mlandu wake amati kupezeka ndi chamba popanda chilolezo. Pa pepala lamulolo ndi loopsa kwambiri, limalola mpaka kukhala kundende moyo wonse, koma makhoti amayang'ana kuchuluka kwake, ngati n'koyamba, ngati mwavomera osawataitsa nthawi, zaka zanu, komanso ngati zikuoneka kuti chinali chosuta nokha kapena chamalonda. Wa kandudu kamodzi nthawi zambiri amamulipitsa chindapusa kapena kumupatsa ntchito yothandiza anthu, wa matumba ndiye zaka ndithu. Apolisi amatumiza kachidutswa kukayezetsa kumalo a kafukufuku wa zaulimi monga ku Bvumbwe kapena ku Chitedze, lipoti lake ndi limene limawerengedwa m'khoti kuti ichi ndi chambadi, si masamba a therere.

Koma achimwene, vuto silithera pa chindapusapo. Chindapusa chikalephereka mumakaseweza, ndipo ambiri amene ali kundende pa milandu ing'onoing'ono imeneyi ndi oti panyumba panasowa ndalama tsiku limenelo. Chinanso zala zija amakudindani zimakhala, mawa mukafuna kalata ya kupolisi yofunsira ntchito ya usilikali, ya ulonda ku kampani kapena yopitira kunja, nkhani ya kandudu ija imatulukanso.

Bwanji ena amangolipira n'kumapita, ena kukaseweza zaka? Si kukondera kumeneku?

Ine ndimati ndi kukondera, olo ena akane. Mu 2022 dziko lonse linakwiya pamene mnyamata wina ku Limbe anagamulidwa zaka 8 atapezeka ndi chamba, pomwe bwana wina wa kampani yaikulu amene anapezeka ndi mitengo ya chamba pakhomo pake anangolipira chindapusa. Anthu anachita ziwonetsero, khoti lalikulu linaunikanso mlanduwo n'kutsitsa kufika zaka 3. Odziwa malamulo amati kuchuluka kwa katundu kunali kosiyana, zoona, koma funsani kuti ndani mwa awiriwa anali ndi loya tsiku loyamba. Wosauka amalowa m'khoti yekha, amamuwerengera mlandu, wina amunong'oneza kuti ingovomera zithe msanga, iye n'kuvomera osadziwa kuti akuvomera zaka zingati.

Ndipo taonani amene amagwidwa pamarodibuloko. Ndi kondakitala, ndi mayi wa geni amene wapatsidwa chikwama, ndi mnyamata amene walonjezedwa kangachepe akafikitsa katundu. Mwini katundu weniweni amakhala ali phee pa foni, katundu akagwidwa amangosintha layini. Chamba chambiri chimachokera ku Nkhotakota ndi kumapiri a ku Mzimba, chimatsika ndi msewu wa m'mbali mwa nyanja kudutsa Salima, china chimakhota pa Golomoti kubwera kuno, china chimapita kumalire ngati ku Chiponde kapena njira zachidule za kwa Katuli. Ndalama zikuluzikulu zimadyedwa ku Joni kumene dzina la Malawi Gold limagula, kuno timatsala ndi milandu.

Ndine wa kabaza. Munthu akandikweza thumba, ine osadziwa kuti muli chamba, andimanga?

Kumanga akumangani kaye, zodziwa kapena kusadziwa mukafotokozera kutsogolo. M'khoti boma likuyenera kuonetsa kuti mumadziwa, koma tangoganizani mwini thumba wadumpha pa njinga atangoona apolisi pa mlatho wa Bakili Muluzi, watsala ndi inu ndi thumba, dzina lake simukulidziwa, mungoti ndi akulu ena ake ovala jekete lakuda. Njinga imakhala ku polisi ngati umboni mpaka mlandu uthe, pena khoti limalamula kuti ilandidwe, ndipo ngati ndi ya abwana anu yoti mumapereka ya tsiku ndiye mavuto awiri.

Nde musamachite manyazi kufunsa. Thumba lolemera mosagwirizana ndi kukula kwake, pamwamba ayika usipa kapena makala kuti fungo lisamveke, munthu akukupatsani ndalama yoposa mtengo wake osanenerera, akuti tidutse njira ya kumunda, akuti inu tsogolani ine ndikupezani, zimenezo ndi zizindikiro. Muuzeni amasule. Akakana, musiyeni akwere ina. Madalaivala a minibasi ndi a malole a nsomba nkhani yake ndi yomweyi.

Mwana wanga amutenga usiku, ndipange chani? Akuti ndibweretse ya belo.

Mayi, choyamba belo ya kupolisi ndi yaulere, zinalembedwa ngakhale pamakoma a mapolisi ambiri. Ya kukhoti ndi imene pena amati mupereke ndalama ya chikole, ndipo imeneyo imakhala ndi lisiti, pamafunikanso anthu omuikira kumbuyo okhala ndi ziphaso zaunzika. Wina akakuitanirani kuseri kuti tikambirane, dziwani kuti chimenecho ndi chiphuphu, ndipo wopereka nayenso amakhala wapalamula.

Malamulo aakulu a dziko, gawo 42, amati munthu womangidwa auzidwe chifukwa chake m'chilankhulo chimene akumva, nde ngati mwana wanu amamasuka m'Chiyao ali ndi ufulu wopempha zimenezo. Akuyenera kufika kukhoti pasanathe maola 48, pokhapokha ngati nthawiyo yathera pa tsiku loti khoti silikugwira ntchito. Ali ndi ufulu wokhala chete, ndipo asasayine sitetimenti imene sanamuwerengere. Ngati loya simungakwanitse funsani a Legal Aid Bureau, komanso kuli ma paralegal, othandiza anthu pa zamalamulo, a bungwe la PASI amene amayendera zitokosi ndi ndende.

Ngati sanakwane zaka 18 nkhani yake ndi ina. Sakuyenera kusakanizidwa ndi akuluakulu, kholo likuyenera kudziwitsidwa, a zachisamaliro cha anthu akhalepo, ndipo lamulo la ana la 2010 limalola kuti mlandu waung'ono uthe ndi uphungu osafika kundende. Zikavuta amapita kumalo osinthira khalidwe ngati ku Chilwa ku Zomba kapena ku Mpemba. Tengani umboni wa zaka zake tsiku lomwelo, kaya chiphaso chobadwira, kaya buku la sikelo lija munalisunga m'sutukesi, kaya kalata ya aphunzitsi aakulu, chifukwa anyamata akuno amakula matupi msanga ndi ntchito ya panyanja, wa zaka 16 amalembedwa 20 mosavuta.

Zoti chamba chimapengetsa n'zoona kapena n'zongoopseza? Agogo anga asuta moyo wawo onse ali bwinobwino.

Zonse ziwiri n'zoona, agogo anuwo alipodi ndipo openga nawo alipo. Si aliyense wosuta amene amadwala misala, ambiri sadwala. Koma chiopsezo chimakwera kwambiri pa zinthu zitatu: kuyamba uli wamng'ono, kusuta tsiku ndi tsiku, ndi kukhala ndi mtundu woti kwanu alipo kale amene anadwalapo matenda a maganizo. Ubongo umapitiriza kukhwima mpaka cha m'ma 25 umu, nde mwana wa fomu 1 amene wayamba kubanda akuseweretsa chinthu chimene sichinathe kumangidwa. Ofufuza amati mwa anthu 10 osuta mmodzi amafika poti sangakhale osasuta, koma mwa oyamba ali achichepere ndi mmodzi mwa 6. Funsaninso agogowo kuti anayamba liti, ambiri akale ankasuta atakula kale, madzulo pochokera kumunda, osati m'mawa, masana ndi usiku ngati mmene akuchitira mafana apa.

Mmene zimayambira sizikhala zothamanga maliseche ayi. Munthu amasiya kugona, amayamba kukayikira aliyense, akuti nsima mwathiramo mankhwala, akuti a neba akumunena pomwe iwo akukamba zawo, amaseka yekha, amamva mawu oti inu simukuwamva, kusamba amasiya. Ena akasiya kusuta n'kulandira mankhwala zimatha m'masabata ochepa, ena chambacho chimakhala chadzutsa matenda oti akhala nawo nthawi yaitali. Ndipo palibe amene amadziwiratu kuti ali gulu liti.

Ife alovi timasuta kuti tipeze mphamvu komanso tisamve kuzizira panyanja. Cholakwika n'chani?

Ntchito yanu ndi yowawa, zimenezo palibe angatsutse. Kunyamuka dzuwa likulowa, usiku onse kukoka chilimira, siginala ali uko ndi nyali zake, manja akutuluka matuza, pobwera m'mawa usipa wake mwina zigoba zochepa zoti mugawane anthu 9 mwini zida atatenga kale gawo lake. Munthu amafuna chinachake choti asamaganize. Koma mphamvu chamba sichipereka, chimangophimba kutopa, thupi lili lotopa chomwecho. Chimachedwetsanso kaganizidwe, ndipo panyanja kuchedwa pang'ono kumapha, makamaka miyezi ya mwera ija nyanja imasintha muli pakati. Kachasu ndiye woipitsitsa, umamva kutentha pakhungu pomwe thupi likutaya kutentha kwake msanga, woledzera akagwera m'madzi usiku sachedwa kufooka olo akhale katswiri posambira.

China chimene alovi sakonda kumva ndi cha ndalama. Pa doko ndalama imabwera m'mawa, pofika madzulo yatha, wogulitsa chamba ndi wa mowa amakongoza chifukwa akudziwa kuti mawa mubweranso, nde nyengo yotseka nyanja ikafika munthu alibe olo ya ufa koma chibaba chili pompo. Ma BVC ena, makomiti oyang'anira za usodzi pa madoko, amayesetsa kuletsa oledzera kukwera bwato, ine ndimaona kuti eni maboti ndi amene ali ndi mphamvu zenizeni pamenepa, kungoti ena mwa iwo ndi omwe amagulira anyamata fodyayo kuti agwire ntchito osadandaula.

Mankhwala a chifuwa ndi mapilisi amene ana akumwawa, si mankhwala wamba kodi?

Apa ndi pamene makolo ambiri akugona. Tonse maso ali pa chamba chifukwa chimanunkha, pomwe botolo la mankhwala a chifuwa okhala ndi codeine likulowa m'nyumba masana, mwana wathira mu botolo la chakumwa chozizilitsa kukhosi akumwa pamaso panu. Kuno m'mabanja ambiri mowa ndi haramu, mnyamata amaopa kulowa m'nyumba akununkha bibida, koma pilisi lilibe fungo, nde amadzinamiza kuti sanalakwe, ngakhale masheikh amanena momveka kuti chilichonse choledzeretsa n'choletsedwa.

Codeine ndi tramadol ndi a banja limodzi ndi heroin, kungoti mphamvu zake n'zocheperako. Thupi limazolowera msanga, lero awiri, mwezi wamawa asanu, osamwa thupi lonse kuphwanya, thukuta, kutsegula m'mimba, kusowa tulo. Tramadol wambiri amagwetsa munthu ngati wakhunyu. Mapilisi ena a codeine amasakaniza ndi paracetamol, nde womwa ambiri amaononga chiwindi mwakachetechete. Kuli diazepam, ambiri amati valium, ameneyu akasakanikirana ndi mowa kapena codeine munthu amagona n'kusiya kupuma. Onsewa malamulo amati agulitsidwe ndi kalata ya dokotala, ndipo bungwe loyang'anira ndi Pharmacy and Medicines Regulatory Authority, koma pitani pa msika tsiku la msika mukaone mapilisi akugulitsidwa pa mphasa padzuwa pambali pa sopo ndi mabatire. Ena mwa iwo ndi obedwa m'zipatala zaboma zomwe ife timauzidwa kuti mankhwala atha.

Nanga mowa bwanji simukuutchula, poti ndi wololedwa?

Ndi wololedwa kwa wa zaka 18 kupita m'tsogolo, koma mukandifunsa chimene chaphwanya mabanja ambiri kuno ndi kugonetsa anthu m'chipatala ndi mabala a zikwanje, ndinena mowa ndisananene chamba. Boma linaletsa masacheti mu 2015 ana asukulu atafika pomalowa nawo m'kalasi m'matumba, koma mowa womwewo unangosamukira m'timabotolo ndi m'zigubu zoyezera pa kapu. Mu 2024 anthu angapo anamwalira ku Blantyre atamwa mowa umene anthu anaupatsa dzina loti ambuye n'tengeni. Mowa wosadziwika kochokera pena umakhala ndi methanol, amene amachititsa khungu ndi kupha, nde munthu akamwa n'kuyamba kuona mwachimbuuzi, mutu, kusanza, kupuma mothamanga, amenewo si matsire, thamangani naye kuchipatala.

Anthu amati obwera ku Joni ndi amene abweretsa zonsezi. N'zoona?

Pang'ono. Chamba ndi kachasu tinali nazo kale agogo athu asanayambe kupita ku migodi. Ndipo anyamata ambiri amene ali ku Joni akugwira ntchito zolemetsa n'kumatumiza ndalama, nyumba zamalata zambiri kwa Jalasi ndi kwa Makanjira zamangidwa ndi thukuta lawo, tisawanyoze onse. Koma n'zoonanso kuti kumeneko kuli zinthu zoopsa kuposa zakuno, nyaope imene amasakaniza heroin ndi chamba, tik imene imamusowetsa munthu tulo masiku angapo mpaka kuyamba kuona adani paliponse, mandrax. Ena amabwera atakodwa kale, achibale amangoona munthu wabwera wopanda katundu, wowonda, waukali, n'kuyamba kuloza azakhali kuti amulodza chifukwa cha nsanje.

Chinanso, ku South Africa khoti lawo lalikulu linagamula mu 2018 kuti munthu wamkulu atha kusuta chamba kwa yekha pamalo ake. Limenelo ndi lamulo lakumeneko, limathera pa boda. Mukafika pa Mwanza kapena pa Dedza ndi kanthu m'thumba musati koma ku Joni amalola.

Kuba kwachuluka m'dera lathu, si chifukwa cha osuta chambawa?

Osati onse. Alipo osuta amene sanabepo olo nkhuku, ndipo alipo akuba amene sasuta. Kumene ndimaona kugwirizana kwenikweni ndi pa munthu amene wafika poti thupi likufuna tsiku lililonse koma ndalama alibe, ameneyo amayamba ndi za m'nyumba, foni ya mlongo wake, ndowa ya chimanga, batire la sola, maukonde a amalume, kenako za aneba. Mapilisi ndi mowa ndi zimene zimafikitsa munthu pamenepa msanga. Ndewu, kumenya akazi, kugwiririra, ngozi za njinga zamoto, apa mowa ndi umene umatsogolera.

Ndiye pali umbava wina umene umabwera ndi malonda obisawo. Wogulitsa akaberedwa sangapite ku polisi, amatuma anyamata. Ndalama za ziphuphu zimayenda kuti katundu adutse. Ndipo kumanga aliyense wa kandudu sikunachepetse kalikonse, ndende zathu zili ndi anthu oposa kawiri mlingo wake, anthu amagona mokhala, TB ndi mphere zili momwemo, mnyamata amalowa ali wosuta chabe n'kutuluka atadziwana ndi othyola nyumba, ntchito osapezanso. Kale apolisi ankangosesa aliyense wopezeka usiku pa mlandu wa vakabu, mu 2017 khoti lalikulu linathetsa gawo limenelo la malamulo litaona kuti limangozunza osauka.

A chitetezo cha m'mudzi nawonso amve: kugwira munthu n'kumupereka ku polisi n'kololedwa, kumumenya kapena kumuotcha ndi mlandu waukulu kuposa umene iye wapalamula.

Ndingadziwe bwanji kuti mwana wanga wayamba? Ndimukwapule?

Maso ofiira okha si umboni, kuno fumbi ndi utsi zimafiiritsa aliyense. Yang'anani kusintha: anzake atsopano oti sabwera nawo pakhomo, kujomba kusukulu kapena ku madrasa, kudya ngati wachokera kundende kapena kusadya kumene, kugona masana, ndalama kumasowa m'nyumba, timabotolo ta mankhwala a chifuwa kuseri kwa chimbudzi pomwe palibe akutsokomola, mapepala a m'kope ong'ambidwa bwinobwino timakona.

Kukwapula ndaona kukuthamangitsa ana kupita kudoko, kumene amakapeza ganyu, pogona ndi fodya yemweyo wambiri. Dikirani ali bwinobwino, osati ataledzera, mukhale naye pansi, ndipo ngati inu bambo mukudziwa kuti mupsa mtima itanani amalume ake kapena munthu amene iye amamumvera. Mufunseni kuti akumwa chani, kangati, anayamba liti, chikumusowetsa mtendere n'chani, chifukwa ambiri pansi pake pamakhala china, kulephera mayeso, fizi kusowa, bambo ali ku Joni zaka osaimba foni, kapena anachitidwa chipongwe chimene sananene. Atsikana nawo akumwa, kungoti amabisa kwambiri chifukwa iwo akadziwika chitonzo chake chimakhala chachikulu.

Thandizo lake lili kuti? Kapena tipite naye kwa asing'anga?

Yambirani pa chipatala chimene muli nacho pafupi, kaya chachikulu pa boma, kaya ku Monkey Bay, ku Malindi kapena ku Mulibwanji, munene kuti mukufuna kuonana ndi a zamaganizo. Achipatala ntchito yawo ndi kuchiza, nde nenani zoona zonse za chimene wakhala akumwa, mukabisa mankhwala amene apereke akhoza kukhala olakwika. Zikakula amatumiza ku Zomba Mental Hospital, ndipo kumeneko si kotaya munthu ayi, anthu amapita n'kubwerako n'kumagwira ntchito zawo. A St John of God ku Mzuzu ndi ku Lilongwe ali ndi ndondomeko yothandiza ofuna kusiya mowa ndi mankhwala, kungoti ndi kutali ndipo pamafunika kukonzekera thiransipoti ndi zolipira. Apa ndiye boma lathu likulephera, dera lalikulu ngati Mangochi, anthu opitirira miliyoni imodzi, munthu wofuna kusiya azikwera basi tsiku lonse pomwe chitokosi chili pafupi.

Dua ndi mapemphero musasiye ngati zimakulimbitsani mtima, koma zipite limodzi ndi chipatala. Chimene chimandipweteka ndi kuona munthu wamangidwa unyolo pa mtengo miyezi, mbuzi zatha kulipira asing'anga, akumufikitsa kuchipatala miyendo ili zilonda matenda atakhazikika.

Wosiya chamba amavutika sabata imodzi kapena ziwiri, ukali, kusowa tulo, maloto oopsa, chakudya osachifuna, kenako zimaphwa. Koma womwa mowa kwambiri tsiku lililonse kapena wozolowera diazepam asasiye mwadzidzidzi payekha, amatha kunjenjemera, kuona zilombo, kugwa khunyu mpaka kufa, ameneyo asiyitsidwe ndi achipatala. Akabwereranso pakapita miyezi musati basi zakanika, ambiri amene anasiyiratu anagwapo kangapo.

Mnzathu wakomoka titamwa, tikuopa kupita naye kuchipatala kuti atimanga.

Pitani nayeni. Mugonekeni chammbali kuti akasanza asatsamwe, musamuthire madzi mkamwa, musamumwetse mkaka kapena thobwa ali chikomokere, musamutsekere m'chipinda kuti agone zimuthera. Ngati akupuma mwapatalipatali, akuliza mkonono wachilendo, milomo yasintha mtundu, mukumutsina osamva, thamangani. Tengani botolo kapena paketi ya zimene wamwa mukaonetse, pa mankhwala a mtundu wa codeine ndi heroin pali jekeseni yotchedwa naloxone imene imabweza mphamvu yake akafika msanga.

Nanga marasta, ndi azungu a ku Cape Maclear aja, iwo amaloledwa?

Ayi. Marasta anapambana mlandu mu 2023 pamene khoti lalikulu ku Zomba linalamula kuti ana a madiredi aziloledwa m'sukulu zaboma, koma imeneyo inali nkhani ya tsitsi ndi maphunziro, pa chamba akhala akupempha kuti chiloledwe pa chipembedzo chawo ndipo lamulo silinawapatse. Mlendo naye lamulo ndi lomweli. Kungoti zikavuta ku Chembe, mudzi wa ku Cape Maclear, mlendo amalipira n'kukwera ndege, wotsala ndi mbiri ya mlandu ndi mnyamata wa m'mudzi amene anakamugulira.

Wina wandilonjeza tikiti ya ndege ndi madola kuti ndikangosiya kachikwama kunja. Akuti ndi zitsanzo za malonda.

Chemwali, kanani. Amene amafunidwa pa ntchito imeneyi ndi anthu ngati inu, pasipoti yatsopano yoyera, nkhope yosakayikitsa, mavuto a ndalama. Amakugulirani zovala, amakupatsani sutukesi yoti ndi yawo, pansi pake anasokerera cocaine kapena heroin, ena amawamwetsa timipira kuti tikhale m'mimba, kamodzi kakaphulika munthu amafera pompo, ndipo mu 2018 mnyamata wa ku Malawi konkuno anamwalira ku Brazil pa nkhani yokhudza mankhwala omwewa. Pa bwalo la ndege la Kamuzu ndi la Chileka anthu akhala akugwidwa, ena ali m'ndende za maiko akutali komwe wachibale sangakaone. Maiko ngati China, Singapore, Indonesia ndi Saudi Arabia amapha pa mlandu wozembetsa mankhwala, ndipo zoti sindimadziwa kuti muli chani amazimva tsiku lililonse. Pena okutumaniwo ndi omwe amatsina khutu apolisi za inu, kuti maso onse ali pa inu wina wonyamula wambiri adutse.

Zomwezi ndi mabasi a ku Joni. Kaphukusi koti mukapatse achimwene anga ku Park Station, katsegulireni pamaso pa mwini wake musanakwere, olo akhale wachibale. Akati musatsegule ndamata kale, kasiyeni pompo.